Paladin wathyola lumbiro, nde atani? Kakonzedwe ka quest yodziwombola mu D&D

Pa gemu ya patebulo ngati Dungeons & Dragons pamafika tsiku lina loti wosewera mmodzi amapanga chinthu choipa zenizeni. Wabaya mkaidi yemwe anali atakweza kale manja, kapena wagulitsa anzake kwa mdani chifukwa cha thumba la golide, kapena wathawa nkhondo mudzi wonse ukupsa kumbuyo kwake. Dayisi yagwa, zachitika basi, palibe zobweza. Nde pakadutsa sabata wosewera uja amapita kwa DM, yemwe amayendetsa gemuyo, nkunena kuti amwene, character wangayu ndikufuna asinthe abwerere ku njira yabwino, tipange bwanji. Ma DM ambiri yankho lawo limakhala lachangu: pita kuphiri uko ukaphe chinjoka, ukabwera ndi mutu wake mulungu wako akukhululukira. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe nkhani yabwino imafera, chifukwa chinjokacho sichinalakwiridwe ndi munthu, ndipo mutu wake sudzutsa aliyense amene anafa.

Kwa amene gemuyi simunaisewerepo, mwachidule imayenda chonchi. Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira tebulo, aliyense ali ndi character wake, kaya msilikali kaya wakuba kaya wamatsenga, ndipo munthu mmodzi, DM, ndi amene amafotokoza dziko lonse ndi kuyankhulira anthu ena onse a m'nkhaniyo, omwe osewera amawatcha ma NPC. Ukafuna kupanga chinthu chovuta umaponya dayisi ya mbali 20 nkuwonkhetsa ndi manambala a pa pepala lako. Gemuyi inatuluka mu 1974 ku America, anaipanga ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson, ndipo paladin, msilikali wolumbira kutumikira chilungamo amene mphamvu zake zimachokera pa lumbirolo, anabwera chaka chotsatira mu 1975. Nkhani ya kugwa ndi kudzuka imazungulira kwambiri pa paladin ameneyu chifukwa ndi iye amene malamulo amamulanda zinthu akalakwa. Wakuba akaba palibe chimasintha pa pepala lake, nanga si ndi ntchito yake.

Malamulo akale anali ouma heve. Mu Advanced D&D ya 1978, paladin akapanga zosokoneza dongosolo ankayenera kupeza wansembe wamkulu, kuulula tchimo lake nkuchita zomwe wauzidwa, koma akapanga choipa mwadala akudziwa, upaladin unkatha mpaka kalekale, ankangotsala msilikali wamba ndi lupanga lake. Pofika mu edishoni ya 3.5 ya 2003 panali spell, kapena kuti matsenga, yoyeretsa wolakwa yotchedwa atonement ya levulo 5, yotenga ola lathunthu, ndipo ngati munthu analakwa mwadala wansembe amene akumuyeretsayo ankataya 500 XP yakeyake, ma point omwe character amakwera nawo levulo. Taganizani, wolakwa ndi wina koma wolipira ndi abusa. Chifukwa cha chimenecho malamulo omwewo ankanena kuti ansembe ambiri amayamba amutuma kaye munthuyo quest, ulendo wokachita ntchito yovuta, kuti aone ngati walapadi, asanawononge XP yawo pa munthu wachiphamaso. Quest yodziwombola pamenepo inali mayeso oona ngati munthu wasintha, siinali mtengo wogulira chikhululuko ayi.

Mu 5e, edishoni yachisanu ya 2014, anafewetsa zinthu. Paladin sakakamizidwanso kukhala lawful good, kutanthauza wabwino wotsata malamulo, ndipo akathyola lumbiro amatha kupita kwa wansembe wa chikhulupiriro chake kapena paladin mnzake wa gulu lomwelo, kuchezera usiku wonse akupemphera, kusala kudya, kenako kuyambanso. Akakhala wosalapa DM amatha kumuchotsa upaladin kapena kumusandutsa Oathbreaker, class ya paladin wothyola lumbiro yomwe ili m'buku la DM la 2014. Mu 2017 anawonjezera Oath of Redemption komanso ka spell ka levulo 1 kotchedwa ceremony, komwe wansembe amagwiritsa siliva wopera wa ndalama 25 za golide, amaponya dayisi pa Insight, luso lowerenga mtima wa munthu, kufuna kufika 20, ikatheka alignment ya munthu, mbali yomwe ali pa zabwino ndi zoipa, yabwerera. Ndipo amene munasewera Baldur's Gate 3 ya Larian Studios, ya 2023 ija, mukudziwa kuti ukathyola lumbiro kumabwera Oathbreaker Knight ku kampu, ndipo ukamupatsa golide 1000 lumbiro lako labwerera ngati walipira bilu ya madzi. Pa kompyuta ndikumvetsa, gemu singakhale ndi nkhani yapadera pa tchimo lililonse lomwe anthu mamiliyoni angapange. Koma patebulo pali munthu wamoyo amene akuyendetsa zinthu, nde kukopera zimenezo ndi ulesi chabe.

Chinthu choyamba sichichitikira n'komwe mu gemu. Khalani pansi ndi wosewerayo, olo pa WhatsApp, mufunseni ngati akufunadi character wake asinthe, kapena akungofuna smite yake, mphamvu ija yowonjezera ululu akamenya mdani, ibwerere chifukwa damage yatsika. Mayankho onsewa ndi oona mtima ndipo palibe lolakwika, koma amafuna zinthu zosiyana. Wongofuna mphamvu zake mupatseni usiku umodzi wa mapemphero mu kachisi, seshoni ipitirire, musamuzunze miyezi itatu ndi nkhani yomwe sakuifuna. Ndipo ngati DM ndinu amene mwakwiya ndi zomwe munthu wapanga nde mukufuna kumukhaulitsa kudzera mu quest, imeneyo ndi nkhani ya inu awiri, kambiranani ngati anthu akuluakulu kunja kwa gemu. Quest yopangidwa ndi mkwiyo osewera amaimva fungo patali.

Akanena kuti akufunadi, funso lomwe limanyamula zonse ndi ili: analakwira ndani, dzina lake ndani, ndipo pano ali kuti? Osati zoti analakwira milungu kapena chilungamo, zimenezo ndi zakumwamba sizingalowe m'chipinda nkukuyang'ana. Pakufunika munthu. Kubwalo kwa amfumu munthu amene ng'ombe zake zadya chimanga cha mnzake samangopereka nkhuku kwa amfumu nkumapita, mwini munda alipo pompo, wayankhula zomwe zamupweteka, ndipo chipepeso chimapita m'manja mwake. Quest zambiri zomwe ndimaziona zili ndi amfumu okhaokha, mwini munda kulibe.

Tiyeni tipange chitsanzo kuti zimveke. Tinene kuti pali paladin dzina lake Marek, anali mkulu wa alonda pa chipata cha katawuni ka m'mbali mwa mtsinje. Achifwamba anagwira mng'ono wake nkumuuza kuti ukatsegula chipata usiku timusiya wamoyo, tingotenga za mu nkhokwe ya boma basi sitikhudza munthu. Marek anatsegula. Achifwamba anawotcha theka la tawuni. Mng'ono wake anapulumukadi, ndipo apa nde pokoma, chifukwa zikanakhala kuti anaphedwabe nkhani ikanakhala yophweka, Marek anapusitsidwa basi, tonse timumvere chisoni. Koma ayi, anapeza zomwe ankafuna, mng'ono wake ali moyo wakwatira ali ndi ana, ndipo Marek akafunsidwa ngati angabwereze sadziwa choyankha. Tchimo labwino la quest yotere ndi lomwe munthu anapindula nalo ndipo wina aliyense patebulo akutha kumvetsa chifukwa chake anachita, olo sakugwirizana nazo.

Tsopano mwini munda uja. Tinene Ilsa, mayi wosula zitsulo, mwamuna wake ndi mwana wake wamkazi anafera mu moto umenewo. Ilsa musamupange kukhala mayi wolira pakona akudikira kuti Marek abwere amupepese. Zaka zadutsa, iye ndi amene akutsogolera anthu otsala, amanga misasa kutsidya kwa mtsinje, ali ndi mavuto ake a lero: malo omwe akukhala ndi a bwana wina amene akufuna kuwathamangitsa, chitsime chawo chauma, achinyamata ayamba kulowa gulu la achifwamba lomwelo chifukwa kulibe chochita. Mwaona, quest yadzilemba yokha kuchokera ku zotsatira za zomwe Marek anachita. Simunafune chinjoka. Ndipo ngati timu yanu imakonda ndewu musadandaule, achifwamba alipo, bwana uja ali ndi asilikali ake, malupanga atuluka ndithu, kungoti tsopano aliyense akudziwa chomwe akumenyera.

Apa pali zinthu zitatu zomwe ma DM amakonda kuzimanga mtolo umodzi, pomwe zimayenda nthawi zosiyana. Pali mphamvu za pa pepala, ma spell ndi zina. Pali mbiri, mmene anthu a m'dzikolo amamuonera, kaya amugulitsa chakudya pamsika kaya amulavulira. Nde pali chikhululuko cha Ilsa. Mphamvu bwezani msanga, mwina pang'onopang'ono koma msanga, chifukwa wosewera amene wakhala maseshoni asanu ndi limodzi ali wofooka kuposa anzake onse amayamba kuboweka ndipo timu yonse imavutika pa ndewu. Mutha kunena kuti lay on hands, mphamvu yochiritsa pokhudza munthu, yabwerera tsiku lomwe waulula pagulu, koma imagwira pa anthu ena okha, pa iye mwini ayi, mpaka mtsogolo. Mbiri ibwere mochedwerapo komanso mosafanana, ana a pamsasa ayambe kumutsatira pomwe akuluakulu akadali kutseka zitseko. Koma chikhululuko cha Ilsa musachilonjeze kwa aliyense, olo kwa inu eni mu notsi zanu. Mwina adzakhululuka, mwina adzangonena kuti zikomo chifukwa cha chitsime koma nkhope yako sindikufuna kuiwonanso kuno, ndipo mathero achiwiriwa nthawi zambiri ndi amene osewera amawakumbukira patapita zaka. Wosewera akadziwa kuti akamaliza masitepe onse mayiyu amukumbatira, ndiye kuti akugula, ndipo Ilsa wasanduka shopu.

Za mtengo. Chomwe Marek ataye chikhale chinthu chomwe wosewera weniweniyo, munthu wakhala pampandoyo, akuchikonda. Golide sagwira ntchito mu 5e, pofika levulo 8 anthu amakhala ndi ndalama zoti sadziwa kogwiritsa. Koma lupanga lamatsenga lomwe analivutikira miyezi, kapena udindo womwe mfumu inamulonjeza, kapena chinsinsi choti iye ndi amene anatsegula chipata pomwe dziko lonse likuganiza kuti anali mlonda wina amene ananyongedwa kale, zimenezo nde zimawawa. Chomalizachi ndimachikonda kwambiri chifukwa palibe amene akumukakamiza. Atha kukhala chete mpaka imfa, akumangabe zitsime, anthu akumutamanda, pomwe mkazi wa mlonda wonyongedwa uja akusalidwa pamsika ngati mkazi wa wachiwembu.

Nde pamabwera gawo lomwe kwa ine ndi mtima wa quest yonse, kubweretsanso chiyeso chomwe chija. Kulapa kwa pakamwa aliyense amatha, wosewera waluso atha kuyankhula mawu okoma mpaka tebulo lonse misozi, koma sitinadziwebe ngati Marek wasintha kufikira atayima pa chipata china, usiku wina, munthu amene amamukonda ali m'manja mwa adani. Amene amadziwa Dragonlance, limodzi mwa maiko a gemuyi, akumbukira Lord Soth. Anali msilikali wolemekezeka wa ku Solamnia amene anagwa m'machimo aakulu, milungu inamupatsa mwayi woti adziwombole popita ku Istar kukaletsa Kingpriest, wansembe wamkulu wolamulira kumeneko, zomwe zikanapulumutsa dziko lonse ku chiwonongeko chomwe chimatchedwa Cataclysm. Ali panjira anakumana ndi akazi achi elf omwe anamunong'oneza kuti mkazi wake Isolde akumuyenda njomba, nsanje inamukwera, anatembenuza hatchi kubwerera kunyumba, dziko linawonongeka, iye nkusanduka death knight, msilikali wakufa koma woyendabe chifukwa cha temberero. Chomwe chinamugwetsa panjira sichinali chilombo champhamvu ayi, chinali chofooka chake chakale chomwe chija. Ndi mmene chiyeso chiyenera kukhalira, chiloze pa bala lenilenilo.

Koma samalani, musapange msampha woti njira zilipo ziwiri zokha, usiye mnzako afe kapena ugwenso. Zimenezo ma DM akale ankazikonda, kuika paladin pakati pa zoipa ziwiri kuti agwe basi, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri ankadana ndi kusewera paladin. Kusintha kwa Marek kutha kuoneka mu njira yachitatu yomwe kale sanaiganize. Ulendo woyamba anabisa, sanauze munthu, anasankha yekha mumdima. Ulendo uno atha kudzutsa tawuni yonse, kuuza anzake chilungamo, kudzipereka iye mwini m'malo mwa wogwidwayo, kaya chiyani chomwe wosewera angabwere nacho chomwe inu simunachilote n'komwe. Ntchito yanu ndi kubweretsa vutolo mwamphamvu, yankho ndi la iye.

Dayisi nayo ili ndi malo ake ndipo malo ake si paliponse. Kukwera khoma, kuzemba alonda, kumenya, ponyani. Koma pa nthawi yomwe Marek wayima pamaso pa Ilsa musanene kuti ponya Persuasion, dayisi yonyengerera munthu, chifukwa paladin Charisma yake, nambala ya chikoka, imakhala yokwera, aponya 19 awonjezere 7, nde mayi amene mwana wake anapsa akhululuke chifukwa munthu ali ndi pakamwa pokoma? Komanso mbali inayo, munthu wavutika miyezi iwiri nkuponya 2, zonse zigwe? Ngati mukufuna chinachake choti osewera aziona ndi maso kuti zikuyenda, bwerekani wotchi ya mu Blades in the Dark, gemu ya John Harper ya 2017. Mumajambula bwalo papepala, mumaligawa zigawo 6 kapena 8, ndipo chilichonse chenicheni chomwe Marek wachita mumadetsa chigawo chimodzi, akabwerera m'mbuyo mumafufuta. Ine ndingapange mawotchi awiri, ina ya chikhulupiriro cha anthu a pamsasa, ina ya bwana uja amene akukonzekera kuwathamangitsa, kuti nthawi izithamanga. Ya mtima wa Ilsa nde ayi, imeneyo isakhale papepala.

Vuto lina lomwe limabwera mwakachetechete ndi anzake aja. Patebulo pali anthu ena atatu kapena anayi omwe nawonso asiya zochita zawo Loweruka kubwera kudzasewera, ndipo sanabwere kudzaonera sewero la munthu mmodzi akulira. Nde aliyense mupatseni chingwe chake mu nkhaniyi. Wakuba wa mu timu mwina anakulira mu gulu la achifwamba lija ndipo akudziwa njira zawo. Wansembe mwina ndi amene akulu a kachisi amutuma kuti azilemba lipoti ngati Marek walapadi, nde ali pakati, mnzake uku ntchito uku. Wamatsenga mwina akufuna buku lomwe lili m'nyumba ya bwana uja ndipo za Marek alibe nazo ntchito, zilinso bwino. Ndipo quest isadye kampeni yonse, iziyenda m'mbali mwa nkhani yaikulu, seshoni imodzi yakeyake apa, kachithunzi ka mphindi khumi apo, kenako chimake chachikulu kamodzi. Ngati tchimo la Marek linapweteka character wa wosewera mnzake, mwachitsanzo anamugulitsa, ndiye kuti Ilsa wanu wakhala kale patebulo, ndipo DM mulibe mphamvu yomulamula kuti akhululuke. Zimenezo zisiyeni kwa awiriwo.

Zonsezi zimagwiranso ntchito mukatembenuza, pomwe wofuna kuwomboledwa ndi NPC. Kampeni ya Descent into Avernus ya 2019 inamangidwa pa Zariel, mngelo amene anatsikira ku gehena kukamenyana ndi ziwanda nkutheratu kukhala wolamulira Avernus, gawo loyamba la ma gehena asanu ndi anayi, ndipo osewera atha kufunafuna lupanga lake lakale nkuyesa kumubweza. Chomwe chimathandiza pamenepo n'choti osewera amayenda nthawi yaitali akutolera zidutswa za mbiri yake, nde pofika pamaso pake akudziwa yemwe anali. Koma funso lija silichoka: mzinda wa Elturel womwe unakokeredwa ku gehena, anthu ake akuti bwanji akamva kuti mngelo wawala kachiwiri? DM wabwino amawapatsa pakamwa anthu amenewo.

Pali machimo ena omwe tebulo lanu silingafune kuwaona akuwomboledwa, kapena kuwatchula n'komwe, monga kugwiririra kapena nkhanza kwa ana, ndipo simudziwa zomwe mnzanu wakhala pafupi nanuyo anadutsamo pa moyo wake. Nkhani zimenezi zimakambidwa pa session zero, gemu isanayambe, pomwe mumagwirizana malire, ndipo ena amaika X-Card ya John Stavropoulos pakati pa tebulo kuti aliyense akaikhudza nkhaniyo idumphidwe popanda kufunsidwa chifukwa. Ngati simunapange zimenezi poyamba, pangani musanayambe quest iyi, chifukwa ikukumba zinthu zolemera kuposa kupha ma goblin m'phanga.

Ndipo konzekerani kuti Marek atha kulephera. Wosewera atha kufika pa chipata chachiwiri chija nkutsegulanso, mwadala, chifukwa waona kuti ndi zomwe munthu ameneyu angachitedi. Musamuletse, musabweretse mngelo kudzakonza zinthu. Khalani ndi pepala la Oathbreaker pafupi, kapena gwirizanani kuti character ameneyo achoke m'manja mwa wosewera asanduke mdani wamkulu wa kampeni, wosewerayo apange character watsopano, mwinanso mmodzi mwa achinyamata a pamsasa wa Ilsa amene anaona zonse ndi maso ake ndipo ali ndi chifukwa chomveka chomusakira Marek mpaka levulo 15.